Utsi wa Lole Unena Matenda Ace

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, ambiri a inu muyenda ndi lole tsiku ndi tsiku, ena kukweza matumba a cimanga, ena kututa mitengo ya ku mgodi. Tsiku limene lole ifera pakati pa thengo, mlandu ugwera dalaivala ndi mnyamata wace, ndipo kawirikawiri nchito ithera pomwepo. Cifukwa cace tifuna kukamba za injini ya dizilo, pakuti taona kuti siifa modzidzimutsa ai. Iyamba yadandaula masiku ambiri, koma anthu samva cinenero cace.

Poyamba tidziwe makhalidwe ace. Dzina lace licokera kwa Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yace inayamba kugwira bwino nchito ku Augsburg m'caka ca 1897. Iribe mapulagi a moto monga ya petulo. Pisitoni ipanikiza mpweya wokha m'silinda kufikira utatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo injekita iwaza dizilo wonga nkhungu, ndipo ayaka yekha. Cotero injini iyi ifuna zitatu: mpweya wambiri, kupanikiza kolimba, ndi dizilo woyera wofika pa nthawi yace. Cimodzi cikaperewera, utsi ndiwo uulula.

Utsi wakuda unena kuti dizilo wacuruka koposa mpweya. Yambani mwapenya sefa wa mpweya, pakuti pfumbi la m'miseu ya dothi limtseka msanga. Akakhala bwino sefayo, kapena katundu walemera, kapena injekita ina ingodontha m'malo mwa kuwaza. Kumbukiraninso kuti kumtunda mpweya ucepa mphamvu. Johannesburg ali mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, ndipo lole yopanda tebo imene ikoka bwino ku Durban ikafika kumeneko ifooka, nifuka utsi, ingakhale iribe cirema.

Utsi woyera wa mamawa m'nyengo ya cisanu, wotha injini ikafunda, usakuopseni. Koma ukakhalitsa, ununkhizeni. Wonunkha dizilo ndi wolasa m'maso unena kuti dizilo sapsa, cifukwa afika mocedwa kapena kupanikiza kwafooka. Wonga nthunzi, pamodzi ndi madzi akutha m'lediyeta, unena kuti gasiketi yapserera ndipo madzi alowa m'silinda, imitsani lole. Utsi wobiriwira ngati thambo ndiwo oyilo alikupsa, ndipo kawirikawiri maringi a pisitoni ndiwo atha.

Injini ikazima yokha panjira, kapena ikakana kulira batire iri ndi moto, musathamangire kumasula zazikuru. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri mpweya walowa m'njira ya dizilo, makamaka thanki ikauma. Masulani pang'ono kabauti ka pamwamba pa sefa wa dizilo, nimupope ndi kampope ka dzanja kufikira thobvu litatha ndi dizilo aturuka woyera. Mangani, nimucite comweco pa pampu. Mdani wina ndiye madzi. Popeza alemera koposa dizilo, akhala pansi pa diramu ndi pansi pa thanki. Diramu imene yangofika ilekeni igone tsiku lathunthu, ndipo musatunge za pansi peni-peni. Dzazani thanki madzulo, kuti mame asacite m'kati usiku.

Injini ikamatsimphina, ndiye kuti silinda imodzi siigwira nchito. Pa malole a pampu yakale amakaniko aipeza motere: injini irikulira pang'onopang'ono, amasula pang'ono nati ya paipi ya injekita imodzi, namvetsera, naimanganso. Kulira kukasintha, silinda imeneyo iri yamoyo; kumene sikusintha kanthu, wodwala ndi ameneyo. Koma pa malole atsopano, amene dizilo wace ayendetsedwa ndi kompyuta, musayese konse, pakuti mphamvu ya m'mapaipi mwace iri yoopsa. Ndipo pa injini iri yonse musaike dzanja pamene dizilo afwamphuka. Aboola khungu ngati singano, bala lioneka laling'ono, koma dzanja likhoza kuola. Wolasidwa cotero apite ku cipatala nthawi yomweyo.

Tsono za pampu. Kampani ya Robert Bosch inayamba kupanga mapampu awa ambirimbiri m'caka ca 1927, ndipo zitsulo za m'kati mwace zigwirana bwino kotero kuti pfumbi losaoneka ndi maso lizikanda. Ndico cifukwa cace eni ace aimanga ndi waya ndi cidindo. Alipo anyamata amene adula wayayo napotoza bauti kuti lole ithamange. Cotsatira cace ndi utsi wakuda, kutentha, ndi pisitoni yosungunuka. Safunsa anadya phula. Pampu ndi injekita zipite kwa mmisiri amene ali ndi makina oyesera. Zimene mungathe inu ndizo kusintha oyilo ndi masefa pa nthawi yace, kukhetsa madzi, ndi kupempha makaniko akuphunzitseni kuyesa mpata wa mavalavu monga buku la injiniyo linena.

Mamawa uli wonse, musananyamuke, penyani oyilo ndi madzi, lizani injini, nimuime kumbuyo kanthawi kupenya utsi. Cimene mwaona muuze kapitao kapena mwini lole tsiku lomwelo, pamaso pa mboni. Wonena lole isanafe ayesedwa wanchito wanzeru. Wonena itafa kale ayesedwa wakuipha, ndipo ana ace kumudzi ndiwo agona ndi njala.