Kangaude wa m'Bokosi ndi Mbaula ya m'Chipinda

Pakati pa ziŵeto zimene anthu amasunga m'mizinda pali chimodzi chodabwitsa, ndicho kangaude wamkulu waubweya wotchedwa tarantula. Ku Ulaya ndi ku South Africa anthu amachita kumgula, namsunga m'bokosi lagalasi. Kuno ku Malaŵi akangaude a mtundu umenewu amakhala m'mauna ndi kunsi kwa miyala, kotero mnyamata wokumba mbeŵa atha kumpeza ndi kubwera naye kunyumba.

Kangaude sadzifunditsa yekha monga achitira munthu kapena nkhuku. Thupi lake limatsata kutentha kwa pamalo pamene ali. Kutchire, kukatentha kapena kukazizira, iye amaloŵa pansi m'una wake. M'bokosi alibe kothaŵira. Amakhala bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 21 ndi 27, ndipo nyumba zambiri za mu Blantyre zimakhala chomwecho miyezi yambiri ya pachaka popanda kusonkhamo moto.

Vuto limafika m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo Limbe ali pamwamba kuposa apo. Chiperoni chikagwa, usiku kumazizira kufika madigiri 12 ngakhale kucheperapo. Pamenepo kangaude amafooka, naleka kudya. Woŵeta ayenera kudziŵa kuti kangaude wamkulu atha kukhala masabata angapo osadya, osafa ayi. Choopsa kwenikweni ndi chifundo cha mwini wake, amene amaloŵetsa mbaula m'chipinda, natseka chitseko ndi mazenera kuti chiŵeto chifundidwe.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndiponso sutsokomoletsa monga utsi wa nkhuni. Ukaloŵa m'mapapo umakanirira m'magazi, nuwalepheretsa kunyamula mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka amafooka ndi kukomoka. Amene ali m'tulo samva chilichonse, ndipo atha kufera pamphasa pomwepo. Ana aang'ono ndi amayi apakati ndiwo amavulala msanga. Wopezeka atafooka chotere atulutsidwe panja msanga, zitseko zitsegulidwe, ndipo apite naye kuchipatala chapafupi kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

Njira zabwino zofunditsira kangaude n'zosavuta. Bokosi lichotsedwe pazenera ndi pasimenti, liikidwe pathebulo m'chipinda cham'kati. Usiku likutidwe ndi bulangete, koma tizibowo ta mpweya tisatsekeke. Kukazizira kwambiri, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu liikidwe kunja, pambali pa bokosi. Pambali, osati pansi. Chifukwa chake n'chakuti kangaude akamva kutentha amakumba pansi monga mwa chibadwa chake, ndiye ngati chotenthacho chili pansi pomwepo, amangodzipereka kumoto. Kandulo ndi koloboyi siziyenera kuyandikira bulangetelo.

Komabe kutentha ndiko kumapha kangaude msanga kuposa kuzizira. Mu Okutobala ndi Novembala, m'nyumba zamalata zopanda siling'i monga zambiri za ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, masana kumapitirira madigiri 30. Bokosi lagalasi likaombedwa ndi dzuŵa pazenera limasanduka uvuni, ndipo kangaude amafa m'kanthaŵi kochepa. Nyengo imeneyi bokosi likhale pamthunzi, m'chipinda chopita mphepo. Dothi la m'katimo likhale lakuya kuti akumbemo, ndipo kambale ka madzi kasaume. Kachipangizo koyezera kutentha kakakhala pakhoma pafupi ndi bokosi, woŵeta sachita kungoganizira.

Nyengo yotentha ndi imenenso kangaude amakhala wochangamuka, ndipo akangaude a kuno ku Africa ngaukali ndi aliŵiro kuposa a ku America. Sayenera kugwidwa ndi manja, ndipo chivundikiro chikhale cholimba kuti ana asatsegule. Akaluma munthu, pamaŵaŵa kwambiri ndi kutupa, mwina minofu imakokana kwa masiku angapo. Pabalapo patsukidwe ndi madzi ndi sopo, paikidwe nsalu yozizira, osatema mphini kapena kumanga chingwe. Wolumidwayo akakhala mwana, kapena akayamba kubanika, apite naye kuchipatala nthaŵi yomweyo.