Gauni ya maola ochepa, ngongole ya mudzi wonse

Nyumba zina ukalowa ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, maso amafika pakhoma mwininyumba asanakupatse n'komwe mpando. Pakati pa kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha ukwati pamakhala chithunzi china chosungidwa m'galasi: mnyamata kapena mtsikana atavala gauni yakuda, kumutu chipewa cha ngodya zinayi, m'manja pepala lokulungiza. Pambali pake mayi ali m'chitenje chatsopano, bambo ali mu jekete yomwe imatuluka m'sutukesi Lamulungu lokha. Nyumba zotere n'zowerengeka, ndipo mudzi wonse umazidziwa.

Gauniyo mwini chithunzi adangoivala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ambiri sagula, amachita kubwereka kusukulu polipira ndalama, mwambo ukatha n'kubweza. Komabe palibe chovala china m'Malawi muno chimene banja limachikhetsera thukuta zaka zochuluka chotere. Mwana akayenda bwino osabwereza kalasi, pamafunika zaka 8 ku pulayimale, 4 ku sekondale ndi zina 4 kapena kuposa ku yunivesite. M'zaka 16 zimenezo mbuzi zimatuluka m'khola imodziimodzi, matumba a mtedza ndi soya amapita kwa mavenda mtengo usanakwere, malume amene ali ku Joni amatumiza kangachepe, mlongo wake amadikira kaye kuti fizi ya mmodzi ikwane. Achinyamata a m'dziko muno amene amafika ku yunivesite sakwana asanu mwa 100 alionse. N'chifukwa chake kalata yoitanira ku mwambo wolandira digiri ikafika, siikhala ya munthu mmodzi.

Ulendo wa ku Zomba

Wa ku Kandeu amene mwana wake wamaliza ku Yunivesite ya Malawi amalawira kusanache. Kaya atsikira ku Kasinje, kaya adzera kuboma, onse amakadutsa pa Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kukwera mpaka patsinde pa phiri la Zomba. Vuto limayambira kunyumba: makadi olowera mu holo amakhala ochepa, pamene ofuna kupita adzaza minibasi. Amalowa ndani, mayi womubereka kapena azakhali amene adamusunga nthawi ya sekondale? Bambo kapena malume amene adagulitsa ng'ombe? Otsala amakhala panja pa Great Hall, pakapinga, atasunga maluwa apulasitiki ndi zakudya, ojambula zithunzi akuwazungulira.

M'kati mwa holo zonse zimayenda mwa dongosolo. Omaliza maphunziro amakhala m'mizere malinga ndi zimene adaphunzira. Kenako mdipiti wa aphunzitsi umalowa pang'onopang'ono, aliyense atavala mwinjiro wa sukulu imene idamupatsa digiri yake yomaliza, n'chifukwa chake mitundu imachuluka chonchija: wina wofiira, wina wabuluu, wina wa mizere yagolide. Kutsogolo kwa mkulu wa mwambo kumayenda munthu atanyamula ndodo yaulemu, ndipo ndodoyo ikaikidwa pamalo pake ndiye kuti bwalo latseguka. M'sukulu za boma, mwa chizolowezi chimene chidayamba ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, mpando wa Chansala amakhalapo ndi mtsogoleri wa dziko.

Mkulu wa nthambi iliyonse amaimirira n'kupereka ana ake kwa Chansala, kuchitira umboni kuti akwanitsa zonse zofunika. Ndiye mayina amayamba kuitanidwa. Apa m'pamene mwambo wa Azungu umasandukira wathu. Pulogalamu imapempha bata, koma dzina likangomveka, kumbuyo kwa holo mayi amadzambatuka ndi nthungululu. Wina amagwada pansi manja ali m'mwamba, wina amangolira mwakachetechete atagwira kumaso ndi nsonga ya chitenje. Woitanidwa amayenda masitepe ochepa, n'kuwerama, n'kutsika. Sipatha ndi mphindi imodzi yomwe.

Chovala chochokera kozizira

Amene amatuluka thukuta m'gauni yakuda pa dzuwa la mwezi wa Okutobala angadabwe kumva kuti chovalachi chidayamba ngati chofunda. Mayunivesite oyamba a ku Ulaya, monga Bologna ku Italy, Paris ku France, Oxford ndi Cambridge ku England, adakula m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, ambiri mwa iwo ali m'manja mwa mpingo. Aphunzitsi ndi ophunzira ambiri ankawerengedwa ngati anthu a tchalitchi, choncho ankavala mikanjo yaitali ngati ansembe. Zipinda zophunzirira zinali zamiyala, zopanda moto, ndipo mkanjo unkateteza ku chisanu. Kansalu kolendewera kumsana kaja, kamene timati hudi, kanali chofunda kumutu chenicheni.

Malamulo adabwera pambuyo. Mu 1222, msonkhano wa mpingo umene udachitikira ku Oxford motsogozedwa ndi Stephen Langton, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, udalamula kuti ansembe azivala mkanjo wotseka kutsogolo, ndipo mayunivesite adatengera pomwepo. Mu 1321 Yunivesite ya Coimbra ya ku Portugal idalamula kuti madokotala ndi ena a madigiri azivala mikanjo. Anthu wamba atasintha kavalidwe, masukulu adaumirira zakale, mpaka chimene chinali chovala cha tsiku ndi tsiku chidasanduka cha mwambo. Chipewa cha ngodya zinayi chidachokera ku kachipewa ka ansembe, pamene chofewa chobulungira chimene amavala a digiri ya udokotala chimatsata fashoni ya ku England ya m'zaka za m'ma 1500.

Ku America masukulu adagwirizana mu 1895 kuti kasokedwe ka manja a gauni kazisonyeza mlingo wa digiri, ndipo mtundu wa hudi uzisonyeza phunziro ndi sukulu. Ngakhale kuponya zipewa m'mwamba, kumene achinyamata athu amakukonda pojambulitsa, kuli ndi kwawo: kudayambira pa sukulu ya asilikali a pamadzi ya ku Annapolis mu 1912, pamene omaliza maphunziro adataya zipewa za uphunzi chifukwa adali atalandira za usilikali weniweni.

Mmene idafikira kuno

Amalawi oyamba kuvala gauni adachita kuitsatira kunja. Dr. Daniel Sharpe Malekebu, amene adadzatsogolera mpingo wa PIM ku Chiradzulu, adamaliza za udokotala pa Meharry Medical College ku America mu 1917. Kamuzu adamaliza pasukulu yomweyo mu 1937. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere adakatenga madigiri awo ku Fort Hare ku South Africa. Pa nthawi ya atsamunda, dziko la Nyasaland lidalibe yunivesite yakeyake.

Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro adayamba mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zoposa 30 khomo la yunivesite ya boma linali limodzi lokhali, ndipo kusankhidwira kumeneko inali nkhani yomveka boma lonse. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Mu 2012 Bunda idaima payokha pa dzina la LUANAR, mu 2014 MUST idatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo mu 2021 Polytechnic idasanduka MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS. Mipingo nayo idatsegula zake: Livingstonia kumpoto, ya Katolika ku Nguludi, ya Nkhoma, ndi zina. Ntcheu yomwe ili ndi gawo lake, poti Malawi Adventist University ili ndi sukulu ku Lakeview, cha ku Mlangeni. Mwana wa ku Kandeu lero angathe kuvala gauni osatuluka m'boma la kwawo.

Chovala chimalankhula

Anthu a kuno safunika kuwaphunzitsa kuti chovala chimanena za mwini wake. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko akasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani, munthu amatha kudziwa wamkulu ndani poona nthenga za kumutu, chikopa cha pamapewa ndi malo amene waima povina ngoma. Chikopa cha kambuku n'cha mafumu, sichivalidwa ndi aliyense amene wachipeza pamsika. Gauni nayo imayenda pa lamulo lomwelo. Ulemu wake suli mu nsalu, poti telala aliyense wa pa Kandeu angathe kuisoka tsiku limodzi. Ulemu wake uli pa umboni wakuti wovalayo adayesedwa ndi akuluakulu a ntchitoyo ndipo adapezeka wokwana.

Apa m'pamene pali nkhawa. Masiku ano gauni ili ponseponse. Ana a mkombaphala a zaka zisanu amavekedwa timagauni ndi tizipewa, makolo n'kulipira ndalama ya mwambo, ya zithunzi ndi ya keke, pamene mwanayo sadayambe n'komwe Sitandade 1. Palibe amene angadane ndi kusangalatsa mwana, ndipo ena amati zimamupatsa khumbo la sukulu. Koma kholo la kumudzi limene likuvutika kugula yunifomu ndi makope siliyenera kukakamizidwa kupereka ndalama ya chionetsero. Ndipo mwana amene wavala gauni katatu asanalembe mayeso a Fomu 4 adzaona chachilendo chanji tsiku lenilenilo?

Choopsa kwambiri chili kwa akuluakulu. Pali timasukulu tosavomerezeka timene timatolera fizi kwa zaka, n'kuchititsa mwambo wokongola mu holo ya hotelo, koma pepala lake olemba ntchito osalilandira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso ena amene amagula digiri yaulemu kwa mabungwe osadziwika, m'mawa mwake n'kuyamba kukwiya ukapanda kuwatchula kuti dokotala. Digiri yaulemu yeniyeni ndi njira imene yunivesite imathokozera munthu amene watumikira dziko, siikhala ya malonda. Bungwe la National Council for Higher Education, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo limalembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro awo. Kholo lisanagulitse mbuzi yoyamba, lifunse kaye ngati sukuluyo ndi phunziro lomwe mwana akufunalo zili pa mndandanda wa bungweli. Aphunzitsi a m'masekondale oyendera a m'dera lino angathandize kwambiri pofalitsa uthengawu pa misonkhano ya makolo.

Kuipatsa nkhope yathu

Funso lina limene limabuka ndi lakuti: patatha zaka zoposa 60 tikudzilamulira, bwanji tikuvalabe mkanjo wa ansembe a ku Ulaya? Maiko ena adayankha kale. University of the Philippines idasiya gauni n'kutenga lamba wansalu wolukidwa mwa chikhalidwe chawo, wotchedwa sablay, amene amapachikidwa paphewa. Ku Ghana nsalu ya kente idalowa m'zovala za mwambowu, ndipo ophunzira achikuda a ku America amaikoleka m'khosi. Ku KwaZulu-Natal, kumene makolo a Angoni adachokera, omaliza maphunziro ambiri amakwera pansanja atavala zikopa ndi mikanda pansi pa gauni, ena n'kuvina asanalandire pepala.

Kutaya gauni sikofunika. Ndi chizindikiro chimene dziko lonse lapansi limachidziwa, ndipo makolo amene adaivutikira amafuna kuiona yomweyo. Koma mpata woipatsa nkhope ya Chimalawi ulipo. Mphepete mwa hudi mungathe kukhala chitenje. Nsalu yake ingathe kukhala yopepuka, yoyenera kutentha kwa kuno, yosokedwa ndi matelala athu. Mtsikana wa kwa Ganya atavala mikanda ya Chingoni pansi pa gauni sachepetsa digiri yake. Ndipo bwanji gawo lina la mwambowu osalilankhula m'Chichewa kapena m'Chitumbuka? Gogo amene wayenda ulendo wonse uja amakhala maola atatu mu holo, chimene wamva ndi dzina la mdzukulu wake lokha.

Gauni ikabwezedwa

Kumudzi phwando limakhala lalikulu kuposa la ku Zomba. Mbuzi imagwa, thobwa limafululidwa, abusa amapemphera, anyakwawa amalankhula, achibale amafupa m'lichero. Ena amapempha kusunga gauni masiku angapo kuti agogo osatha kuyenda aione ndi maso awo. Tiana ta pulayimale timaunjikana kufuna kukhudza chingwe cha chipewa.

Phwando likatha, moyo umafunsa mafunso ake. Ntchito n'zosowa. Ambiri amatha zaka akuyenda ndi envelopu ya khaki m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Amene adaphunzira ndi ngongole ya boma, kudzera ku bungwe la ngongole za ophunzira limene lidakhazikitsidwa mu 2015, amayenera kubweza kuti ena apindule nawo. Kunyumba nako akuyembekeza: fizi ya mng'ono, feteleza, malata a nyumba ya amayi. Mudzi uyenera kuleza mtima ndi mwana wotere. Kumuseka kuti digiri yake ikugulitsa tomato pamsika ndi kugwetsa mphwayi ana khumi amene akumuyang'ana.

Koma wovala gauni naye ali ndi mbali yake, ngakhale ntchito isanapezeke. Ngongole yake yaikulu si ya boma, ndi ya anthu amene adadzimana. Kubweza kwake sikufuna mamiliyoni. Amene adaphunzira masamu angathe kuthera Loweruka limodzi pamwezi ndi ana a Fomu 4 pasukulu imene adachokera. Wa ku Bunda angathe kukhala pansi ndi kalabu ya alimi kuwerengera nawo mtengo weniweni wa thumba la soya asanakumane ndi sikelo ya venda. Wa zamalamulo angathe kufotokozera mayi wamasiye ufulu wake pa munda ndi nyumba. Aliyense wa iwo angathe kuthandiza mwana wakhoza bwino kulemba fomu yofunsira malo ku yunivesite ndi ya ngongole, poti ana ambiri anzeru a kumudzi amatsalira pa sitepe imeneyi chifukwa chosowa wowalondolera. Omaliza maphunziro ochokera kwa Ganya amene ali m'matauni atasonkherana mwezi ndi mwezi, fizi ya ana angapo ingakwane popanda khola lililonse kutsala lopanda mbuzi.

Mayunivesite asunge chipata kuti gauni izinena zoona. Makolo afunse asanalipire. Ndipo amene adaivala akumbukire kuti pamene ankaitanidwa dzina, panali mng'ono wake wina amene adatsala kumunda kuti iye afike pamenepo. Mwana wa mng'ono ameneyo ali m'kalasi lero, ndipo fizi yake ya teremu ikubwerayi sidapezeke.