Msika wachilendo wa ku America: kugula chithandizo usanadwale

Mwezi ukamatha, kwa Jenda, ku Mponela, ku Lunzu ngakhale ku Luchenza simulephera kupeza mzere wa anthu pa mashopu olandirirapo ndalama zochokera kunja. Ena pamzerepo amakhala akudikira kangachepe kochokera kwa mwana, mlongo kapena mlamu amene ali ku America. Fizi ya ana, feteleza, malata a nyumba, zonse zimadalira uthenga umodzi wa pafoni.

Koma ndi angati mwa ife amene tidamufunsapo m'bale wathuyo kuti akadwala amatani?

Funsoli likhoza kumveka lachibwana kwa munthu amene adazolowera kuti thupi likatentha amangotenga kabuku ka kuchipatala n'kuuyatsa wa kuchipatala cha boma. Mankhwala akhoza kusowa, mzere ukhoza kutalika, koma pakhomo sakufunsa ndalama. Ku America kulibe zimenezo. Lamulo la m'chaka cha 1986 limakakamiza zipatala kuthandiza aliyense amene wafika ali kayakaya, koma silinena kuti thandizolo ndi laulere. Bilu imalondola wodwalayo kunyumba, ndipo kugonekedwa masiku ochepa chabe kukhoza kudya ndalama zimene munthu adasunga kwa zaka. Amene ali m'magulu a pa WhatsApp a Amalawi okhala kunja amaidziwa mbale ya chopereka imene imayenda mnzawo akagwa m'matenda.

Pafupifupi theka la anthu m'dzikolo amapeza inshuwalansi ya zaumoyo kudzera kwa owalemba ntchito. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo ali ndi ndondomeko ya boma yotchedwa Medicare, pamene ovutikitsitsa ali ndi Medicaid. Vuto limatsala kwa amene ali pakati: oyendetsa Uber, oluka tsitsi, osamalira nkhalamba m'makomo mwa eni ake, a maganyu ndi a mabizinezi ang'onoang'ono. Ntchito zimenezi ndi zimene obwera kumene m'dzikolo amakonda kuyambira, ndipo nthawi zambiri sizibwera ndi inshuwalansi.

Anthu oterewa ndi amene adawakhazikitsira msika.

Pa 23 March 2010, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Barack Obama, adasainira lamulo la Affordable Care Act, limene ambiri amangolitcha Obamacare. Nzeruyi idabwerekedwa ku chigawo cha Massachusetts, chimene chidayamba zotere mu 2006 pamene bwanamkubwa wake adali Mitt Romney. Lamuloli lidati m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo mukhale malo amodzi pamene makampani a inshuwalansi aziyala malonda awo poyera, mitengo ikuoneka, kuti munthu azitha kufananitsa asanagule. Msikawu udatsegulidwa pa 1 October 2013, ndipo tsamba la boma la pa intaneti lidachita manyazi pokanika kugwira ntchito bwino kwa masabata angapo oyambirira.

Si msika wa mabenchi ndi zisakasa ayi. Uli pa intaneti ndi pafoni, ndipo khomo lolowera limatengera kumene munthu akukhala. Zigawo zina zimayendetsa msika wawowawo: ku California kuli Covered California, ku New York kuli NY State of Health, ku Maryland kuli Maryland Health Connection, ku Pennsylvania kuli Pennie, pamene ku Minnesota kuli MNsure. Zigawo zina, monga Texas komanso Indiana kumene kuli Amalawi ambiri mumzinda wa South Bend, zimagwiritsa ntchito tsamba la boma lalikulu la HealthCare.gov. Amene sakudziwa kolowera ayambire pa tsamba limeneli. Akatchula chigawo chake, limamulozera koyenera.

Ubwino waukulu wogula pamsikawu ndi wakuti kampani siloledwa kukana munthu kapena kumukwezera mtengo kaamba ka matenda amene ali nawo kale. Kaya ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khansa kapena HIV, mtengo ndi womwewo. Lamuloli lisanabwere, ngakhale mayi woyembekezera ankatha kubwezedwa. Lero inshuwalansi iliyonse ya pamsikapo imayenera kulipira uchembere, mankhwala olembedwa ndi dokotala, kugonekedwa m'chipatala ndi matenda a maganizo, mwa zina, ndipo mwana amatha kukhala pa inshuwalansi ya makolo ake mpaka atakwanitsa zaka 26. Zimene zimasintha mtengo ndi zinayi zokha: zaka za munthu, dera limene akukhala, kukula kwa banja ndi fodya. Inde, fodya yemweyu timamutcha golide wobiriwira. M'zigawo zambiri wosuta akhoza kuonjezeredwa mpaka theka la mtengo.

Kulembetsa kwenikweniko si kovuta. Munthu amatsegula akaunti, n'kulemba dzina, adiresi, nambala yake ya Social Security kapena ya zikalata zokhalira m'dzikolo, anthu amene ali pakhomo pake, ndi ndalama zimene akuyembekeza kupeza m'chaka chimene akufuna inshuwalansicho. Makina amawerengetsa n'kumuuza ngati akuyenera Medicaid kapena thandizo la boma lochepetsa ndalama yolipira pamwezi.

Muyeso wake ndi mlingo wa umphawi umene boma limalengeza chaka chilichonse. Mu 2025 mlingowu udali $15,650 pachaka kwa munthu mmodzi, ndipo ndi umene udagwiritsidwa ntchito pa inshuwalansi ya 2026. Mu 2025, m'zigawo 40 ndi mumzinda wa Washington DC, wopeza ndalama zosapitirira pafupifupi $21,600 ankalowa mu Medicaid. Texas ndi Florida zili m'gulu la zigawo zimene zidakana kukulitsa Medicaid, khothi lalikulu litagamula mu 2012 kuti sizingakakamizidwe. Thandizo lochepetsa ndalama ya pamwezi limafika kwa opeza mpaka kanayi ka mlingowu, kutanthauza $62,600.

Pamene ambiri amapunthwa ndi posankha.

Malonda a pamsikapo adawaika m'magulu anayi, monga mmene MASM kuno kwathu ilili ndi Econoplan, Executive ndi VIP. Kumeneko maina ake ndi Bronze, Silver, Gold ndi Platinum. Tikaphatikiza odwala onse, Bronze imalipira pafupifupi 60 pa 100 iliyonse ya ndalama za kuchipatala, Silver 70, Gold 80 ndipo Platinum 90. Zotsalazo zimachokera m'thumba mwa wodwala.

Munthu amene kumudzi akumudikira ndi mndandanda wa mavuto, maso ake amathamangira pa Bronze chifukwa ndalama yake ya pamwezi ndi yochepa. Komatu pali nambala yachiwiri imene eni ake amaitcha deductible. Iyi ndi ndalama imene wodwala amayamba walipira yekha m'chakacho kampani isanayambe kuthandizapo pa zinthu zambiri. Pa Bronze ndalamayi imafika madola zikwi zingapo. Munthu akhoza kulipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi, n'kuthyoka mwendo mu August, n'kupeza kuti gawo lalikulu la bilu ndi lake ndithu.

Pali nambala yachitatu imene imateteza munthu kuti asamire: malire a ndalama zimene angatulutse m'thumba mwake pachaka. Mu 2025 lamulo lidaika malirewa pa $9,200 kwa munthu mmodzi. Pa mtengo wa dola wa m'mabanki chaka chimenecho, pafupifupi K1,750, imeneyo ndi ndalama yoposa K16 miliyoni. Ndi yambiri zedi, koma ili ndi pothera, pamene bilu ya wopanda inshuwalansi ilibe.

Tsono tiyerekeze mayi wosamalira nkhalamba ku Maryland, wosakwatiwa, amene amapeza $28,000 pachaka. Kwa iye chinsinsi chili pa Silver. Lamulo limati opeza ndalama zosapitirira kawiri ndi theka ka mlingo wa umphawi, akasankha Silver, amachepetseredwanso deductible ndi ndalama zolipira pokaonana ndi dokotala. Pa malipiro a mayi wathuyu, Silver yake imakwera kuchoka pa 70 kufika pa 87 pa 100 iliyonse, kuposa Gold imene. Amene amapeza zochepera $23,475 imafika pa 94. Mwayiwu uli pa Silver pokha. Akathawira ku Bronze pofuna kupulumutsa madola ochepa pamwezi, wautaya wonse, ndipo palibe amene adzamuthamangire kukamuuza.

Kunena zoona, dongosolo limene limafuna kuti munthu wotopa ndi ntchito ya usiku akhale pansi n'kumafananitsa manambala atatuatatu a makampani khumi si lachifundo kwenikweni. Koma ndi limene lilipo.

China choyenera kuona asanadine batani ndi mndandanda wa madokotala ndi zipatala zimene kampaniyo imagwira nazo ntchito. Inshuwalansi zambiri zotchipa sizilipira kalikonse munthu akapita kwa dokotala amene sali pamndandandawo, pokhapokha pa ngozi. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku aonenso ngati mankhwala akewo alipo pa mndandanda wa kampaniyo.

Msikawu sukhala chitsegulire. M'zigawo zambiri umatsegulidwa pa 1 November chaka chilichonse, ndipo wofuna kuti inshuwalansi yake iyambe pa 1 January pa HealthCare.gov amayenera kulembetsa pofika pa 15 December. M'zaka zapitazi ochedwa ankapatsidwa mpata mpaka pa 15 January, ndipo ku California ndi ku New York mpaka pa 31 January. Koma mu 2025 boma la Donald Trump lidalengeza kuti kuyambira nyengo yolembetsa ya kumapeto kwa 2026 nthawiyi ifupika, moti njira yosadandaulitsa ndi kumaliza zonse pakati pa December pasanafike. Khomo likatsekedwa, amene amalowa ndi okhawo amene moyo wawo wasintha: wataya inshuwalansi ya kuntchito, wakwatira, wabereka mwana, wasamukira chigawo china kapena wangolandira kumene zikalata zokhalira m'dzikolo. Oterewa amapatsidwa masiku 60. Ndipo kulembetsa kokha sikukwanira. Inshuwalansi imayamba kugwira ntchito munthu akalipira ndalama ya mwezi woyamba ku kampaniyo.

Pa ndalama zimene munthu walemba kuti azipeza pamafunika chilungamo. Thandizo la boma limaperekedwa potengera nambala imeneyo, ndipo chaka chikatha bungwe la misonkho la IRS, limene lili ngati MRA kwathu kuno, limafananitsa ndi zimene munthuyo adapezadi. Amene adagwira maovataimu ambiri osadziwitsa msika amauzidwa kuti abweze. Kale ndalama yobwezayi idali ndi malire kwa opeza zochepa, koma lamulo limene Trump adasainira pa 4 July 2025 lidachotsa malirewo kuyambira pa misonkho ya 2026.

Zaka ziwiri zitatu zapitazi zakhala za chipwirikiti pamsikawu. Mu 2021, nthawi ya Covid-19, boma la Joe Biden lidaonjezera thandizo la pamwezi, ndipo mu 2022 lidatalikitsa ndondomekoyi mpaka kumapeto kwa 2025. Olembetsa adachuluka kupitirira 24 miliyoni mu 2025. Mkangano wofuna kuti thandizo loonjezerali lipitirire ndi umene udali pakati pa kuima kwa ntchito za boma kwa masiku 43, kuyambira pa 1 October mpaka pa 12 November 2025. Aphungu sadamvane, thandizolo lidatha pa 31 December, ndipo mabanja ambiri adalowa mu 2026 akulipira zochuluka kuposa kale. Ngati ndalama zochokera kwa m'bale wanu zidayamba kubwera moperewera nthawi imeneyo, musafulumire kunena kuti wayamba kudzikonda.

Nkhani ya mapepala ndiye yowawa. Msikawu ndi wa nzika ndi okhala m'dzikolo movomerezeka. Amene viza yake idatha saloledwa kugula pa HealthCare.gov ngakhale atafuna kulipira mtengo wonse yekha. Chimene chimamutsalira ndi zipatala zazing'ono za m'madera zotchedwa community health centers, zimene zimalipiritsa molingana ndi mapezedwe a munthu. Wolandira kumene green card, m'zigawo zambiri, amadikira zaka zisanu asanalowe mu Medicaid. Lamulo la July 2025 lija lidatinso kuyambira mu 2027, mwa obwera, thandizo la pamwezi lizipita kwa a green card ndi magulu ena ochepa okha. Ophunzira ndi othawa kwawo amene alibe green card azitha kugula, koma pa mtengo wonse.

Pamene pali msika sipalephera atsizinamtole. Mu 2024 boma lidaimitsa ma ejenti 850 powaganizira kuti ankalembetsa anthu kapena kuwasinthira inshuwalansi eni ake osadziwa, pofuna komishoni. Ambiri mwa okhudzidwawo adakodwa ndi malonda a pa Facebook olonjeza makhadi a ndalama zogulira zakudya. Palinso masamba amene amaoneka ngati a boma koma amagulitsa inshuwalansi za miyezi yochepa, zimene zimaloledwa kukana matenda akale. Othandiza enieni, amene amatchedwa navigator, salipiritsa ndipo sakondera kampani iliyonse, ngakhale kuti mu February 2025 boma lidadula ndalama zawo kuchoka pa $98 miliyoni kufika pa $10 miliyoni m'zigawo zogwiritsa ntchito HealthCare.gov. Misika imene zigawo zimayendetsa zokha imalipira othandiza akeake, ndipo amene Chingerezi chimamuvuta ali ndi ufulu wopempha womasulira.

Mbali yotsala ikukhudza inu amene muli kuno. Mwana wanu wamkazi akachira ku Baltimore kapena ku Dallas, mwambo umati amayi ake apite akamuthandize kulera khandalo. Khandalo likhoza kulembetsedwa pa inshuwalansi m'masiku 60 aja. Agogo ake ayi. Msikawu ndi wa okhala m'chigawocho, osati alendo odzacheza, ndipo inshuwalansi ya mwana wanu siikuta inu. Mlendo amafunika inshuwalansi ya paulendo yogulidwa asanakwere ndege pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport, ndipo zambiri mwa izo sizilipira matenda amene munthu adanyamuka nawo kumudzi. Agogo a shuga kapena BP afunse za mfundo imeneyi asanalipire, ndipo anyamule mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata ya dokotala.