Kusunga, Kusungitsa ndi Kusungira: Mawu Olandirira Mlendo pa Nkhani ya Kiripito ku Doha

Malonje

Mmalawi akafika ku Doha, likulu la dziko la Qatar, kudzagwira ntchito yaulonda, ya m'hotela kapena yoyendetsa galimoto, anzake amene adafika kale ndiwo amamuonetsa njira. Amamuuza kokwerera sitima ya metro, kogula ufa wophikira nsima ndi kotumizira ndalama kumudzi. Nthawi zina amamulowetsanso m'gulu la pa WhatsApp kapena Telegram momwe anthu amakambirana za ndalama za pa intaneti, zomwe ambiri amangoti kiripito. Zokambirana za m'magulu otere zimakhala m'Chingerezi chodzaza ndi mawu a malondawa, choncho mlendo amadalira mnzake kuti amutanthauzire m'Chichewa.

Pepala lino likufotokoza ntchito ya wotanthauzira ameneyu. Mfundo yake ndi yakuti mawu a Chichewa amene timasankha amanyamula malonjezo awoawo, ndipo mlendo amaika malipiro ake pamene mawuwo amulonjeza. Liwu limodzi losankhidwa molakwika likhoza kudyetsa munthu malipiro a miyezi ingapo.

Chifukwa chake nkhaniyi imakopa

Kuyambira mu Marichi 2021, malipiro otsikitsitsa ku Qatar ndi mariyal 1,000 pamwezi, kuonjezerapo 500 ya malo ogona ndi 300 ya chakudya ngati wolemba ntchito sapereka zinthuzi. Riyal sisuntha poyerekeza ndi dola ya ku America: dola imodzi ndi mariyal 3.64. Kwacha ndiye ili ndi mbiri ina. Idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa dola kubanki umasiyana kwambiri ndi wa mavenda a ndalama mumsewu.

Munthu amene amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi amaziona zimenezi. Wina akamuuza kuti pali njira yoti abale ake alandire makwacha ambiri pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena yoti ndalama yake ibereke iye ali mtulo, amatchera khutu. Si kupusa ayi. Ali ndi fizi yoti alipire, fetereza woti agule ndi nyumba yoti afolere.

Lamulo likuti bwanji

Wolandira mlendo woona mtima amayamba ndi lamulo. Mu Febuluwale 2018, Qatar Central Bank idaletsa mabanki a m'dzikomo kuchita malonda a Bitcoin. Kumapeto kwa 2019, bungwe loyang'anira Qatar Financial Centre lidalengeza kuti makampani asamachite malonda a ndalama zoterezi pansi pa ulamuliro wake. Mu Seputembala 2024 kudatuluka malamulo olola kuti umwini wa katundu weniweni, monga masheya ndi nyumba, uzilembedwa m'njira zamakonozi, koma malamulowo adasiya kunja ndalama monga Bitcoin. Kumudzi nako, Reserve Bank of Malawi idachenjeza mu Meyi 2019 kuti kiripito si ndalama yovomerezeka m'Malawi, ndipo wochita nayo malonda alibe chitetezo cha lamulo.

Mlendo akhoza kusokonezeka chifukwa pa mpikisano wa mpira wa World Cup wa 2022, womwe udachitikira ku Qatar komweko, kampani ya Crypto.com idali imodzi mwa makampani othandiza mpikisanowo ndipo dzina lake linkaoneka m'mabwalo. Koma chikwangwani cha m'bwalo la mpira si chilolezo.

Pali ngozi ina imene imagwera wogwira ntchito yekha. Malonda ambiri amachitika pakati pa munthu ndi munthu, njira yotchedwa P2P: iwe ulipira mariyal kwa munthu wosamudziwa, iye akutumizira kiripito, kapena mosinthanitsa. Ku Qatar malipiro amadzera kubanki mwa lamulo, ndipo akaunti yolandirira malipiro ikayamba kulandira ndalama kwa anthu osiyanasiyana, banki ikhoza kuikayikira pansi pa lamulo la 2019 lolimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo. Munthu amene chitupa chake chokhalira m'dziko chimadalira ntchito sangafune kukayankha mafunso otere.

Mawu atatu osocheretsa

Liwu loyamba ndi wallet. Kumasulira kwachangu ndi chikwama. Koma chikwama chimakhala ndi ndalama m'kati mwake. Ukachitaya wataya ndalama, ukachigwira bwino ndalama ili bwino. Wallet siili choncho. Ndalama za kiripito sizikhala m'foni. Zimalembedwa m'kaundula wamkulu wotchedwa blockchain, amene makompyuta ambirimbiri padziko lapansi amasunga mofanana. Chomwe chili m'foni ndi kiyi wololeza munthu kusuntha ndalama zolembedwa pa nambala yake. Motero ndi bwino kunena kuti wallet ndi mosungira makiyi.

Kiyiyu amatha kulembedwa ngati mawu 12 kapena 24 otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048. Mndandandawu ulipo m'Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi, Chijapanizi ndi ziyankhulo zina zochepa, koma mulibe m'Chichewa. Foni ikatayika, mawuwa amabweza zonse. Munthu wina akawaona, akhoza kutenga zonse ali ku Lagos kapena ku Manila, foniyo ili m'thumba mwa mwini wake. Amene waganiza za chikwama amalondera foni n'kusiya mawuwo pa chithunzi cha m'foni kapena pa kapepala m'chipinda chogona anthu anayi. Kuwatcha nambala yachinsinsi nakonso sikukwanira, chifukwa ya Mpamba ukaiwala, kampani imakuthandiza kupanga ina. Apa palibe ofesi yokadandaulako.

Liwu lachiwiri ndi mining, limene anthu amamasulira kuti kukumba. Kwa Mmalawi liwuli limabweretsa chithunzi cha agogo ake amene ankapita ku Joni pa Wenela, kapena cha anthu okumba golide: ukalimbikira, upeza. Koma m'kiripito palibe chokumbidwa. Makompyuta amphamvu amapikisana kutsimikizira zolembedwa m'kaundula, ndipo wopambana amapatsidwa Bitcoin yatsopano, pafupifupi mphindi 10 zilizonse. Ntchitoyi imadya magetsi ambiri ndipo imafuna makina odula. Bitcoin siingakumbidwe mopindula pa foni ya m'manja. Wina akanena kuti lipirani mariyal 200 kuti foni yanu izikukumbirani, liwu lakuti kukumba ndilo likumugulitsira malonda.

Liwu lachitatu ndi stablecoin, ndalama imene amati mtengo wake umafanana ndi dola nthawi zonse, monga USDT ya kampani ya Tether. Anthu amangoti madola a pa foni. Koma USDT si dola. Ndi lonjezo la kampani lakuti ili ndi chuma chokwanira kubweza dola pa USDT iliyonse. Mu Meyi 2022 ndalama ina ya mtunduwu, TerraUSD, idagwa m'masiku ochepa mpaka kukhala yopanda pake. Mawu oyenera ndi akuti ndalama yotsanzira dola, popeza kutsanzira kumasonyeza kuti chenichenicho chili kwina.

Kusunga, kusungitsa, kusungira

Apa ndi pomwe Chichewa chimathandiza kuposa Chingerezi. Kuchokera ku tsinde limodzi timapeza aneni atatu. Kusunga ndi kukhala nacho chinthu iwe mwini. Kusungitsa ndi kuchipereka kwa wina kuti akhale nacho. Kusungira ndi ntchito ya winayo, amene akusunga m'malo mwako. Mwana wa sitandade 3 amadziwa kusiyana kwa "ndasunga mbuzi" ndi "ndasungitsa mbuzi kwa amalume".

Mlendo akagula kiripito pa msika wa pa intaneti n'kuisiya pomwepo, amati wasunga. Zoona zake n'zakuti wasungitsa, chifukwa makiyi ali ndi kampani. Pa 11 Novembala 2022, patatsala masiku 9 kuti World Cup iyambe ku Qatar, msika waukulu wa FTX udalengeza kuti wagwa, ndipo anthu amene adasungitsako adalephera kutapa ndalama zawo. Mwini wake, Sam Bankman-Fried, adalamulidwa mu Marichi 2024 kukakhala kundende zaka 25. Funso lakuti "Kodi ndasunga kapena ndasungitsa?" limafotokoza m'mawu anayi chinthu chimene Chingerezi chimachizungulira ndi mawu aukatswiri.

Komabe mneni yemweyu amasocheretsa akagwiritsidwa ntchito pomasulira invest. Chosungitsa chimabwerera chonse. Mbuzi ikafera kwa amalume, pamakhala nkhani. Kiripito siilonjeza kubwerera. Bitcoin idafika pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021, n'kutsika kufika pafupifupi 16,000 patangotha chaka, kenako n'kupitirira 100,000 mu Disembala 2024. Amene adagula pamwamba n'kufuna ndalama ya maliro chaka chotsatira adapeza gawo limodzi mwa magawo anayi. Wotanthauzira anene kuti kugula poyembekeza kuti mtengo ukwera, ndipo aonjezere kuti ukhozanso kutsika.

Gulu la pa foni si banki mkhonde

Amalawi ambiri adaphunzira kuika ndalama pagulu kudzera mu chipereganyu ndi banki mkhonde. Kumeneko anthu amadziwana, bokosi limatsegulidwa onse akuona, ndipo wothawa ndi ngongole amadziwika kwawo ndi mfumu yake. Mlendo akamva mawu akuti gulu, masheya ndi phindu, amanyamula chikhulupiriro chomwecho n'kuchipereka kwa anthu amene sadawaonepo nkhope.

Akathyali amadziwa zimenezi. Kampani ya Mirror Trading International ya ku South Africa inkalonjeza phindu la pafupifupi 10 peresenti pamwezi ndipo inkapereka mphotho kwa aliyense wobweretsa mnzake. Idagwa mu Disembala 2020 itatolera Bitcoin zoposa 29,000, ndipo mkulu wake, Johann Steynberg, adagwidwa ku Brazil patatha chaka. Ambiri mwa okopa anzawo sadali akuba. Adali abale ndi anzawo a kutchalitchi amene nawonso adakhulupirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto ndi lakuti ulemu wathu umatseka pakamwa. Mnyamata wangofika kumene sangauze munthu amene adamulandira pabwalo la ndege la Hamad kuti ndikukukayikirani. Koma Chichewa chili ndi njira zofunsira funso lolimba mwaulemu, podzichepetsa ngati wophunzira. Mwachitsanzo:

"Achimwene, mundikhululukire, ndine mlendo pa zimenezi. Kodi phinduli likuchokera kuti?"

"Akulu, nditafuna kutapa yonse mawa, ndingatape popanda kulipira kanthu?"

"Achemwali, ine ndikalowa, inu mupezapo kangachepe?"

Funso lachitatu ndilo lalikulu, ndipo liwu lakuti kangachepe limalifewetsa. Wolandira mlendo wabwino sadikira kufunsidwa. Amanena yekha ngati pali chimene apeze. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mlendo amafunsa pokhapokha waona kuti kufunsa sikumudanitsa ndi womusunga.

Zothandiza aphunzitsi ndi ophunzira

Nkhaniyi ikhoza kuthandiza m'kalasi m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya magulu a mayina. Mayina obwereka ameneWA amatsata mgwirizano wa liwu lakuti ndalama: timati Bitcoin yakwera, USDT yanga, wallet yatsopano. Koma kiyi amatsata gulu lina: kiyi wanga, makiyi anga. Ophunzira ayese kupanga ziganizo zokhala ndi mayina onse awiri.

Yachiwiri ndi ya msintho wa aneni. Kusunga, kusungitsa ndi kusungira zikhoza kuikidwa pamodzi ndi kubwereka ndi kubwereketsa, kugula ndi kugulitsa, kutuma ndi kutumiza. Wophunzira aone kuti kachidutswa kakang'ono kamasintha amene wagwira chinthucho ndi amene adzalira chikatayika.

Yachitatu ndi ya kumasulira. Ophunzira apatsidwe liwu limodzi, monga wallet, alembe matanthauzo awiri kapena atatu, kenako pa lililonse ayankhe funso ili: munthu womva liwuli achita chiyani ndi ndalama yake? Kumasulira kwabwino ndi kumene kumatsogolera womva ku zochita zoyenera, ngakhale kutakhala kotalika.

Mathero

Kuonetsa mlendo njira m'gulu la kiripito kuli ndi ndondomeko yake. Ayambe wadziwa lamulo la dziko limene akukhala, ndi kuti ku Doha kuli njira zovomerezeka zotumizira ndalama, monga mabanki ndi malo osinthira ndalama okhala ndi chilolezo. Adziwe kuti mawu 12 aja saonetsa munthu, ngakhale woyang'anira gulu. Adziwe ngati wasunga kapena wasungitsa, ndi amene apindule iye akalowa. Akamva zonsezi m'chiyankhulo chake n'kusankha kusalowa, womulandirayo wagwira ntchito yake bwino lomwe.