Besi ili ndi mau awiri: luso lojambula nyimbo ku Migodi

Anthu ambiri a kumidzi amadziwa babatoni, besi ya ng'oma yaikulu yokutidwa ndi cikumba, imene woimba amaikhalira pamwamba. Ku Luapula ndi ku Migodi ili ndi mbale wake wochedwa kalindula, amene anapereka dzina ku nyimbo zochuka za m'zaka za m'ma 1980. Koma oimba amadandaula kuti akajambula nyimbo, besi imene imagwedeza bwalo lonse simveka bwino.

Cifukwa cake ncakuti besi yomenya ili ndi mau awiri. Besi yoimirira ya ku Ulaya, ya nsambo zinai, imaonetsa bwino zimenezi. Woimba akakoka nsambo ndi kuileka, m'mimba mwa besi mumatuluka liu lakuya; nsambo ikamenya thabwa la pakhosi pamamveka kuti "tha!" ngati kang'oma. Liu limodzi likasowa, ovina amataya phazi.

Motero akatswiri amaika maikolofoni imodzi patsogolo pa mimba, kutalika kwa zikhato ziwiri, koma osailozetsa m'ciboo, pakuti pamenepo liu limangogunda ngati bingu. Yaciwiri amaiika camwamba, moyang'ana pamene dzanja limenya. Ngati liu lakuya licepa zonse ziwiri zikatsegulidwa, ndiye kuti zilimbana, ndipo imodzi iyenera kusunthidwa pang'ono.

Kale nchito yonseyi inali ya maikolofoni imodzi. Mu 1957 Bambo Hugh Tracey anajambula oimba a m'makomboni a migodi, kuphatikizapo a ku Kitwe, atagwira maikolofoni m'manja, namaisendeza kwa woimba amene afunika kumveka. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Pamenepo Ndola inakula mbiri: kampani ya Teal inali kudinda mbale za nyimbo, ndipo Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo inali kutulutsa nyimbo za magulu ambiri. Magulu a m'tauni atatenga kalindula, magitala a magetsi analowa m'malo mwa besi ya cikumba.

Lero anyamata a kumidzi amajambula ndi foni, ndipo malangizo ndi omwewo. Sankhani malo opanda mphepo. Musaike foni pa besi penipeni kapena pansi. Iikeni pa mpando, pakati pa ng'oma ndi dzanja lomenya, ndipo oimba mabanjo akhale patali pang'ono. Jambulani pang'ono, mverani, sunthani foni, kufikira mau onse awiri amveke.