Timatumba ta M'maselo ndi Kapepala Koyezera TB

M'dera la mafakitale ku Kafue, komwe kuli fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia yomwe inatsegulidwa mu 1970, munthu akatsokomola kwa milungu iwiri anzake amangoti ndi fumbi. Nthawi zina chimakhala chifuwa chachikulu cha TB. Kuti achipatala atsimikize amafuna makhololo, koma wodwala amene wafooka kwambiri, makamaka ngati ali ndi HIV, makhololowo satuluka.

Apa ndi pomwe kapepala koyezera mkodzo kamapulumutsa moyo. Kachilombo ka TB kali ndi chinthu china pakhungu pake chotchedwa LAM, chomwe chimatha kupezeka mumkodzo. Namwino amadontheza mkodzo pang'ono pakapepala, nadikira mphindi 25, ndipo kamzere kakaoneka mankhwala amayamba tsiku lomwelo. Kafukufuku wa mu 2016, yemwe Zambia inachita nawo pamodzi ndi South Africa, Tanzania ndi Zimbabwe, anaonetsa kuti njirayi inachepetsa imfa pakati pa odwala omwe ali ndi HIV ogonekedwa m'chipatala. Komabe kapepalaka kamaphonya odwala ambiri, makamaka omwe chitetezo chawo sichinatsike kwenikweni.

N'chifukwa chake asayansi akuyang'ana timatumba tomwe maselo amatulutsa, totchedwa extracellular vesicles. Mu 1983 magulu a Rose Johnstone ndi Philip Stahl anationa tikutuluka m'maselo aang'ono a magazi, ndipo poyamba ambiri ankatiyesa zinyalala. Tating'ono kwambiri timakula mananomita 30 mpaka 150. Timayandama m'magazi, mumkodzo ndi m'malovu, titanyamula mapuloteni a selo lomwe tachokera. Kachilombo ka TB nakonso kamatulutsa timatumba take, momwe muli LAM.

Chovuta ndi kutisefa. Njira yozolowereka imafuna makina odula ozunguza madziwo mwamphamvu kwa maola angapo, ndipo magetsi akathima zonse zaima. Mu 2007 gulu la George Whitesides ku Harvard linasonyeza kuti pepala lingathe kujambulidwa tinjira tomwe madzi amayendamo okha, monga parafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Ena pambuyo pake anayamba kujambula tinjirato ndi phula, n'kuikamo mankhwala okola timatumbati kuti mtundu wa pepala usinthe.

Zimenezi zikadali m'malabu. Ine ndikuona kuti ziyenera kuyesedwa m'zipatala za matauni ngati Kafue zisanafike pogulitsidwa, kuti kutentha kwa mu Okutobala, chinyontho cha dzinja ndi mtengo womwe boma lingakwanitse ziganiziridwe kuyambira pachiyambi.