Jakisoni wa magazi ako omwe pofuna kubweza tsitsi

Ku Cuamba ndi ku Mandimba, amayi oluka mothina kwambiri amathothoka tsitsi la pamphumi. Vutoli ndi lofala. Mu 2007, Dokotala Nonhlanhla Khumalo analipeza mwa amayi atatu pa khumi alionse omwe anawayeza ku Cape Town.

Ku Johannesburg, zipatala zolipira zili ndi njira yotchedwa PRP. Dokotala amatenga magazi pang'ono pamkono, kuwazunguza m'makina, n'kubaya madzi ake achikasu pakhungu la m'mutu. Amabwereza mwezi ndi mwezi, kawirikawiri katatu, ndipo mtengo wake ngoboola m'thumba.

Njirayi imathandiza makamaka dazi lakumtundu likangoyamba. Tsitsi lothothoka ndi kuluka limamera lokha mayi akamasula msanga, koma mizu ikafa n'kusiya chipsera, ngakhale PRP siidzutsa.